Chaka Chimene Okalamba Analetsedwa Kuimirira

Mu ufumu wa Zilibwino, dziko limene wailesi yake sinaulutsepo nkhani yoipa chiyambire, munali mfumu dzina lake Mlongoti Wachinayi. Inali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri inali isanayendepo ndi miyendo yake mtunda wopitirira pakhomo la chipinda. Sikuti inkadwala ayi. Nduna zake ndi zimene zinkaikonda mopitirira muyeso. Ikafuna kupita kokadya, amuna anayi ankainyamula pampando. Ikagwetsa mpango, nduna zitatu zinkagundana mitu pansi poutola. Ophika anauzidwa kuti nsagwada za Mwini Dziko si zovutitsa ndi nyama kapena nyemba, choncho mfumuyo inkangodya phala la ufa woyera lothira shuga, mabanzi oviika mu tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo. Mimba inkakula bwino ndithu. Za ntchafu palibe ankadziwa, poti mkanjo wachifumu unkafika mpaka kumapazi.

Vuto linaonekera pa chikondwerero cha dziko. Tsikulo amayi achikulire ochokera m'mudzi wa Tsalani anavina chimtali pamaso pa mfumu mpaka fumbi koboo, ena a iwo imvi zili mbuu. Atatha, nyimbo ya fuko inayamba. Mwambo unali wakuti mfumu iimirire yokha, itukule ndodo yake. Mfumu Mlongoti inagwira m'mbali mwa mpando n'kudzikankha. Matako anatukuka pang'ono, kenaka phi! Inayesanso. Phi! Oimba malipenga anabwereza ndime yoyamba kanayi podikira, mpaka woimba wina anakomoka. Anthu zikwizikwi ankangoyang'ana nsapato zawo.

M'mawa mwake bwalo la nduna linakumana. Nduna ya Zaumoyo inatsokomola n'kunena motsitsa mawu kuti mwina Mwini Dziko akanamayendako pang'ono m'mawa, ndiponso kudyako dzira. Pofika madzulo ndunayo inali itasankhidwa kukhala kazembe ku dziko lina limene pa mapu silinapezeke.

Kenaka anaimirira a Nyengerezi, Nduna Yaikulu, munthu wa mawu osalala ngati sopo wonyowa.

"Mwini Dziko," anatero, "miyendo yanu ilibe mlandu. Dzulo simunalephere kuimirira ayi, munakana kuimirira. Munatiphunzitsa kuti munthu wamkulu malo ake ndi pampando. Olakwa ndi agogo aja ankadumphadumpha pamaso panu ngati ana a mbuzi. Dziko lotukuka sililola okalamba ake kuvutika ndi kuima."

Nduna zonse zinaomba m'manja nthawi yaitali, poti palibe inkafuna kukhala yoyamba kusiya.

Lamulo Lolemekeza Achikulire linawerengedwa Lachiwiri pa msika wa Ndamvakale, umene uli m'munsi mwa phiri la nyumba yachifumu. Wolengeza anakwera pa thumba la makala n'kufuula kuti munthu aliyense wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu sadzagwiranso khasu, sadzasenza mtsuko, sadzavina, ndipo sadzaimirira pagulu. Pa ulendo azikwezedwa pa wilibala kapena pa ngolo. Chakudya chake chikhale phala lamadzimadzi, lotchedwa Phala la Ulemu. Mazira, nyemba, mtedza, usipa ndi nyama zinalembedwa m'gulu la zakudya zozunza mano.

"Nanga kuchimbudzi tizipita bwanji, bwana?" anafunsa mkulu wina wogulitsa fodya.

"Ndime yachisanu ndi chiwiri," anayankha wolengeza. "Mapazi makumi awiri patsiku ndi ololedwa. Amene chimbudzi chake chili kutali achisendeze pafupi."

"Ine mano ndilibe ndi limodzi lomwe," anatero mayi wina wa tomato. "Ndiye dzira lizunza chiyani mwa ine?"

"Nkhama, mayi. Boma laganizira zonse."

Panakhazikitsidwanso Asilikali a Mpumulo, anyamata ovala zobiriwira oyenda ndi mphasa m'khwapa. Akapeza wokalamba ataima, ankamuyalira mphasa mwaulemu, kumugwadira, n'kumukankhira pansi.

M'mudzi wa Tsalani munkakhala a Nazimbiri ndi amuna awo a Bisalomu. A Nazimbiri anagwira ntchito zaka makumi atatu m'chipatala, m'chipinda cha anthu othyoka miyendo. Sanali dokotala kapena namwino. Ntchito yawo inali kusambitsa odwala, kuwadyetsa, ndi kuwagwira m'khwapa pamene akuphunziranso kuyenda. A Bisalomu anali ocheka matabwa, munthu wa mapewa ngati chitseko, amene pa zaka makumi asanu ndi awiri ankanyamulabe thabwa la m'bawa yekha. Koma analinso munthu wokhulupirira wailesi.

"Nazimbiri, boma latikumbuka," anatero tsiku limenelo akupachika sowo yawo kudenga. "Moyo wanga wonse palibe anandiuzapo kuti pumulani."

"Pumulani Lamulungu, a Bisalomu," anayankha a Nazimbiri. "Ine ndinaona anyamata a mpira atagona pabedi milungu itatu. Podzuka miyendo inali ngati ya nang'omba. Nanga inu?"

A Bisalomu sanamve. Anakhala pakhonde mokhulupirika, akumwa Phala la Ulemu katatu patsiku, mpaka boma linawapatsa chikalata cha Nkhalamba Yachitsanzo. Anachiika m'galasi. A Nazimbiri ankalima kuseri kwa nyumba atawerama kwambiri kuti mutu usaonekere pamwamba pa mpanda.

Patapita miyezi isanu wailesi inalengeza kuti chiyambire lamulo, palibe wokalamba amene wagwa mumsewu. Zinali zoona. Onse ankagwera m'nyumba. M'mawa wina a Nazimbiri anamva chiphokoso kubafa. Anapeza a Bisalomu ali pansi pa miyala, madzi atatayika, akuyesa kugwira udzu wa mpanda kuti adzuke koma manja akungotereka. Anawatukula. Munthu amene kale sakanatha kumusuntha n'komwe anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Khungu la m'mikono linali lende.

A Bisalomu analira. M'zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati wawo, a Nazimbiri anali asanaonepo misozi imeneyo.

"Ndatha ine, Nazimbiri. Ukalamba wandipeza."

"Si ukalamba umenewu. Ndi mpando," anatero a Nazimbiri akuwapukuta nkhope ndi chitenje. "Mnofu uli ngati waganyu. Ukapanda kumupatsa ntchito ndi chakudya, amachoka osatsanzika. Tiuitananso."

Tsiku lomwelo anayamba. M'phala ankathiramo nsinjiro, pansi pa mbale ankabisamo dzira. Masana kunali nyemba, ndipo usipa ankausinja kuti usaoneke. Ankawakhazika a Bisalomu pampando moyang'anana ndi mtondo, n'kuwauza kuti agwire mtondowo, aimirire, akhale, aimirirenso. Tsiku loyamba anakwanitsa kawiri. Pakutha pa mwezi ankafika khumi osagwira kanthu, uku akutukwana.

Anzawo anamva. Koma akanakumana kuti, poti Asilikali a Mpumulo anali paliponse? A Nazimbiri anapempha mphunzitsi wina kuti awawerengere lamulo lonse, ndipo pa ndime ya makumi awiri anapeza kuti kuimirira ndi kugwada popemphera kunali kololedwa, poti a Nyengerezi sankafuna kukangana ndi mipingo. Sabata yomweyo okalamba a ku Tsalani anagwidwa ndi mzimu wa mapemphero. Ankasonkhana pansi pa mtengo wa mthethe Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. A Nazimbiri akati "Tiimirire," onse ankaimirira. "Tigwade." Ankagwada. "Tiimirirenso, poti sitinamalize kuthokoza." Ena ankatukula njerwa m'mwamba monga chopereka, kakhumi dzanja lililonse. Mkulu wa asilikali m'deralo, Sajeni Dzoole, analembera akuluakulu ake kuti lamulo labweretsa chitsitsimutso chachikulu.

Chinawaulula ndi nkhuku. Sajeni Dzoole anadabwa kuti nkhuku za a Nazimbiri zinkatetera tsiku lililonse koma anapiye osaoneka. Anatulukira pa nthawi ya kadzutsa, n'kulowetsa chala m'mbale ya a Bisalomu. Anavuula dzira lowiritsa.

Mlandu unazengedwa ku nyumba yachifumu, pamaso pa Mfumu yeniyeniyo, poti unali woyamba wa mtundu umenewu. A Nazimbiri, oimbidwa mlandu, anabweretsedwa pa wilibala. Dzira linayendetsedwa pa mbale kuti nduna zonse zione umboni, ndipo pofika kwa nduna yomaliza panali patatsala makoko okha. A Nyengerezi analankhula maola awiri za nkhanza zochitira okalamba. Ali mkati mofotokoza mmene a Bisalomu, Nkhalamba Yachitsanzo, anazunzidwira ndi mkazi wawo mpaka kutheratu, chitseko chinatseguka. A Bisalomu analowa akuyenda okha, fumbi lili m'miyendo mpaka m'maondo. Anali atanyamuka ku Tsalani mbandakucha, kudzera njira za m'minda.

"Ndabwera kudzaona mkazi wanga," anatero. "Dziralo linali langa. Ndikanalidya ndithu."

Mfumu inawayang'ana a Bisalomu kuyambira kumapazi mpaka kumapewa, nthawi yaitali. Kenaka inagamula kuti mwamunayo abwezedwe kwawo pa ngolo, poti anali wozunzidwa chabe, koma mkaziyo akhale m'ndende ya m'nyumba yachifumu, azikolopa chipinda cha Mwini Dziko m'mawa uliwonse, zitseko zili zotseka, kuti manyazi ake asaonedwe ndi anthu. A Nyengerezi anayamikira nzeru zakuya za chigamulocho.

M'mawa woyamba, onyamula mpando atatuluka, Mfumu inalankhula monong'ona.

"Mayi, mwamuna uja analidi wogwa?"

"Ankalephera kudzuka pabafa, Mwini Dziko."

"Ndipo dzulo wayenda kuchokera ku Tsalani?"

"Chikweza chonsecho."

Mfumu inakweza mkanjo pang'onopang'ono mpaka m'maondo. A Nazimbiri anaika chokolopera pansi, anasamba m'manja, n'kutsina ntchafu yachifumu monga amayi amatsinira nkhuku pamsika.

"Apa palibe kanthu, Mwini Dziko. Fupa ndi khungu zikungocheza. Anthu anu okunyamulani aja mwawaona ntchafu zawo? Miyendo yanu inasamukira kwa iwo."

Palibe anali atalankhulapo choncho kwa Mlongoti Wachinayi. Mfumuyo inatsegula pakamwa kuti iitane alonda, koma inaganizira za malipenga aja, n'kutsekanso.

Ntchito yodzutsanso miyendo ya Mfumu inali yowawa. Mfumu inkalira, inkaopseza kuti iwapachika, inkati mtima ukuima. A Nazimbiri ankangowerenga. "Kachitatu. Kwatsala kawiri. Mukandipachika titamaliza." Anagwirizana ndi mkulu wa ophika, amene anayamba kutumiza nyemba, mazira ndi chambiko m'ndowa yokolopera, zovundikira ndi nsanza yoyera. Poti mkanjo unkakola miyendo, anabwereka kabudula ndi malaya a munthu wosamalira maluwa. Nduna zikabwera masana zinkapeza Mfumu ili pampando monga mwa masiku onse, n'kuipatsa mapepala oti isaine. Koma tsopano inayamba kuwawerenga, poti tulo ta masana tinali titachepa, ndipo a Nyengerezi sanakondwere ndi chizolowezi chatsopanochi.

Nthawi yonseyi a Bisalomu anali atapeza njira yoonera mkazi wawo. Pakati pa msika wa Ndamvakale panali Mphasa ya Ulemu, pamene okalamba ogwidwa ataima ankakhazikidwa mpaka dzuwa kulowa. Mphasayo inayang'ana kuphiri, ndipo munthu atakhala pamenepo ankatha kuona chingwe chimene a Nazimbiri ankayanikapo nsanza. Choncho Lachiwiri lililonse a Bisalomu ankafika pamsika, n'kukaima dala pamaso pa msilikali.

"Mwabweranso, agogo?"

"Ndabweranso, mwanawe. Yala."

Patatha miyezi isanu ndi umodzi Mfumu inkazungulira chipinda chake maulendo makumi atatu osapuma. Mimba inali itaphwa, msana utawongoka. Lachiwiri lina m'mawa inaima pawindo n'kumva phokoso la msika m'munsimo.

"Ndikufuna ndikaone anthu anga," inatero. "Ndi miyendo yanga."

"Valani kaye mkanjo, muitane nduna," anatero a Nazimbiri.

"Ayi. Akaona ndaima adzandinyamula chifukwa cha chisangalalo."

Anatulukira khomo la kukhitchini, Mfumu ili mu kabudula wa wosamalira maluwa, a Nazimbiri pambuyo. Inatsika phiri lonse ikumwetulira ngati mwana. Inafika pamsika, inanunkhiza utsi wa kanyenya, inafunsa dzina la masamba ena amene inali itawaiwala. Palibe anaizindikira. Zithunzi zonse za m'masitolo ndi m'masukulu zinkaonetsa munthu wonenepa atakhala pampando.

Isanafike pa malo a nsomba, dzanja linaigwira paphewa. Anali Sajeni Dzoole, amene anali atakwezedwa pa ntchito chifukwa cha dzira lija n'kupatsidwa msika wonse.

"Agogo, mwaulemu wonse, zaka zanu ndi zingati?"

"Chotsa dzanja lako! Ine ndine Mlongoti Wachinayi!"

Msika wonse unafa ndi phwete. "Ine ndine Wachisanu!" anafuula wogulitsa fodya uja ali pa wilibala yake.

"Mfumu siima, agogo," anatero Sajeni modekha. Anagwada, n'kuikankhira pa mphasa. A Nazimbiri nawonso anakhazikidwa. Atatembenuka anapeza kuti akhala moyandikana ndi a Bisalomu. A Bisalomu anangogwira dzanja la mkazi wawo n'kuliika pa mkono wawo kuti amve mmene walimbira.

Pa mphasapo panali okalamba ena asanu ndi atatu. Mayi wina anaiuza Mfumu kuti isadandaule, masiku ano ambiri mitu ikusokonekera chifukwa chongokhala. Anaiuza za mchemwali wake, mmodzi mwa ovina chimtali aja, amene anakhala pansi momvera lamulo, anagwa pakhomo n'kuthyoka chiuno, ndipo anamuika m'manda mwezi wa Epulo. Wina anawonjezera dzina lina, winanso lina. Ankawatchula mosakweza mawu, monga anthu akuwerenga mbuzi zotayika. Mfumu inasiya kufuula.

Koma Sajeni anali atatumiza kale uthenga kuphiri, poti kudzitcha mfumu unali mlandu waukulu. Posakhalitsa galimoto yakuda inafika, ndipo a Nyengerezi anatsika. Mfumu itawaona inadzuka pamphasa yokha, osagwira pansi.

"Nyengerezi! Taona! Ndaima! Auze anthu awa kuti ndine yani, ndipo lamulo lija tilichotse lero lomwe."

A Nyengerezi anayang'ana nkhopeyo. Anayang'ana miyendo. Anaganizira za mapepala amene ankayamba kuwerengedwa, ndi zitseko zonse za m'nyumba yachifumu zimene munthu woyenda yekha angathe kutsegula. Kenaka anamwetulira.

"Mwini Dziko ndawasiya kumtundaku, akupuma pampando wawo," anatero mokweza. "Munthu uyu sindinamuonepo."

"Ndiye kuti ndi wofunika kupachikidwa, bwana," anatero Sajeni. "Lamulo likutero."

Mfumu inakoka mpweya kuti ikuwe. A Nazimbiri anaitsina pa katumba mwamphamvu mpaka inakhala pansi.

"Pepani, bwana," anatero, "awa ndi alamu anga. Mutu wawo suyenda bwino."

"Ndi mng'ono wanga ameneyu," anawonjezera a Bisalomu osaphethira. "Anagwa mu mtengo wa mango ali mwana. Chaka chatha ankati ndi bishopu."

A Nyengerezi anapuma mpweya wautali. Analengeza pomwepo kuti mwa chifundo cha Mwini Dziko, wodwalayo waperekedwa kwa abale ake, ndipo mayi wa dzira uja wakhululukidwa, bola onse atatu asadzaonekenso pafupi ndi phiri. Anawalipirira okha ngolo ya ng'ombe yopita ku Tsalani. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti Mfumu yalowa mu mpumulo wakuya pofuna kupereka chitsanzo, ndipo siionekanso pagulu. Malamulo anapitiriza kutuluka sabata iliyonse, chidindo chili pamalo pake.

Ku Tsalani, mlendoyo anakhala masiku atatu atangoyang'ana khoma. Tsiku lachinayi a Bisalomu anatsitsa sowo kudenga, n'kumuuza kuti sowo imeneyi imafuna anthu awiri, ndipo m'nyumba muno aliyense amagwira ntchito. Anakacheka kudambo, kumene asilikali safika poopa matope. Manja achifumu anatuluka matuza. Lachisanu anapita naye ku mapemphero a pansi pa mthethe, kumene tsopano kunkabwera okalamba ochokera m'midzi isanu ndi iwiri. Chifukwa cha nkhani ya mtengo wa mango ija, anthu ankamutchula kuti a Mangowo, ndipo iye anazolowera kuvomera.

Tsiku lina masana, akudya kuseri kwa mpanda, a Mangowo anaika mbale pansi. Anali atawerenga anthu a kumapemphero, ndipo anakwana mazana atatu.

"Alamu," anatero, poti tsopano ankawaitana choncho a Nazimbiri, "anthu amenewa atati anyamuke onse tsiku limodzi, ine patsogolo, kukaima pachipata cha nyumba yachifumu, asilikali alibe mphasa zokwanira. Tinyamuka liti?"

A Nazimbiri anawayang'ana miyendo, monga ankachitira kuchipatala.

"Kuchoka pano kukafika pachipata ndi mamailosi asanu ndi anayi, chikweza chokhachokha. Inu pakali pano mumatha anayi, ndipo pobwerera mumadandaula bondo." Anakankhira mbale ija kwa iwo. "Malizani nyembazo."